Mgodi wa malasha wa Hwange: akuukonza, koma akulipira ndani?

MdzukuluWaMtchona
Moni nonse akuluakulu. Funso langa lipite makamaka kwa abale amene muli ku Zimbabwe. Agogo anga aamuna anagwira ntchito pa mgodi wa Wankie, umene lero ukutchedwa Hwange, ndipo nyumba yoyamba ya malata m'mudzi mwathu ku Ntcheu inamangidwa ndi ndalama za kumeneko. Ndamva kuti mu Okutobala 2018 kampani ya Hwange Colliery inalandidwa m'manja mwa bodi yake n'kupatsidwa kwa munthu woikidwa ndi boma chifukwa cha ngongole. Chikundizunguza mutu n'chakuti malasha alipobe pansi, ogula alipo, ndipo mwini masheya ambiri ndi boma. Kampani yotere imasauka bwanji? Nanga kukonza kumene akunenaku kwapindulira ndani?

WaChipangano
Yankho mwalitchula nokha achimwene. Mwini wake ndi boma.

MdzukuluWaMtchona
Tambasulani bwino, enafe tili kutali.

MlembiWaKuBulawayo
Ndiyeseko ine, poti ntchito yanga ndi ya mabuku a ndalama. Boma la Zimbabwe lili ndi masheya pafupifupi 37 pa 100 alionse, palibe wina woliposa. Koma boma lomwelo ndi limene limagulanso malasha ambiri kudzera ku ZPC, kampani yopanga magetsi. Siteshoni ya magetsi ya Hwange, ya mamegawati 920, anaimanga m'zaka za m'ma 1980 pafupi ndi mgodi mwadala, kuti malasha azingoyenda pa lamba mpaka kukafika ku ng'anjo. Boma silifuna kuti magetsi akwere mtengo, choncho malasha opita ku siteshoni amagulidwa motchipa, ndipo ndalama yochepayo imabweranso mochedwa.

Wogula wina wamkulu anali Ziscosteel, kampani yopanga zitsulo ya ku Redcliff, imene inkatenga coke, malasha owotchedwa osungunulira chitsulo. Nayonso ndi ya boma, ndipo ng'anjo zake zinazima cha m'ma 2008. Wonyamula katundu anali NRZ, kampani ya njanji, ya bomanso. Mitu ya sitima ndi mabogi zitatha, malasha anayamba kuyenda pa malole, mtengo wonyamulira n'kukwera, msewu wa pakati pa Bulawayo ndi Victoria Falls n'kukumbika. Zonsezi zitachitika, a ZIMRA, bungwe lotolera misonkho, amagogoda pakhomo kufuna msonkho wawo. Amenewonso ndi boma.

Zili ngati mwini golosale amene amatenga sopo ndi shuga m'shopu yake pa ngongole, mawa lake n'kumakalipira wogulitsa kuti bwanji mashelefu ali pululu.

Kabudula_Joni
A Mlembi mwalongosola bwino, koma mabwana a pa kampanipo mwawapulumutsa. Si ZPC imene inkasaina makontrakiti. Mu 2014 analemba ntchito Mota-Engil ya ku Portugal kuti iziwakumbira malasha ku Chaba, gawo lina la mgodiwu. Mu 2015 anatenga ngongole n'kugula makina a madola oposa 30 miliyoni ku BEML ya ku India ndi BELAZ ya ku Belarus, ndipo analonjeza kuti zinthu zisintha. Chaka chotsatira, 2016, sanafike ngakhale matani 1 miliyoni, mgodi umene m'zaka za m'ma 1990 unkatulutsa matani 5 miliyoni pa chaka. Pa nthawi yomweyo Makomo Resources, kampani ina yokumba malasha ku Hwange imene inayamba mu 2010, inkagulitsa malasha ku siteshoni yomweyo. Dothi ndi lomwelo, wogula yemweyo. Wina akukula, wina akufota. Pamenepo tisanamizire mtengo wa magetsi okha.

MlembiWaKuBulawayo
Sindikuwapulumutsa ayi. Koma mabwanawo amawaika ndani? Bodi ikamasinthasintha potsatira zofuna za nduna imene ilipo, munthu waluso sakhalitsa, ndipo amene wakhala amadziwa kuti womusangalatsa ali ku Harare, osati ku mgodi.

NaPhiriWaMadumabisa
Bambo Kabudula, Makomo ili ndi chipatala? Ili ndi masukulu angati? Ine ndinabadwira ku Hwange, ndipo ndikuuzeni kuti Hwange Colliery si mgodi chabe. Nyumba za ku Lwendulu, Madumabisa, Makwika ndi Lusumbami ndi za kampani. Madzi a m'mipopi, misewu ya m'makomboni, kuchotsa zinyalala, chipatala chachikulu, bwalo la mpira, zonsezo zili pa msana pa kampani. Amene anabwera pambuyowa amangokumba, kukweza pa lole, n'kumapita. Wantchito wawo akavulala amathamangira naye ku chipatala chomwecho. Ndiye mukamayerekeza, yerekezani katundu amene aliyense wasenza.

Kabudula_Joni
Zoona mayi, koma katundu ameneyo analiponso nthawi ya Anglo American, ndipo malipiro ankatuluka mwezi ndi mwezi.

NaPhiriWaMadumabisa
Nthawi imeneyo wopikisana naye panalibe, ndipo munthu wakuda ankalipidwa zotani? Funsani akuluakulu amene ankagona m'makomboni muja. Tisamakometsere zakale chifukwa chakuti zalero zawawa.

AgogoAKuDedza
Ana anga, mwatchula za kale ndiye ndilowererepo. Ife tinapita ku Rhodesia tili anyamata. Ena ankapita ndi Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito za ku Rhodesia, ena ankakwera malole a Ulere, ena pa miyendo kudutsa ku Tete. Ine ndinathera m'mafamu a fodya, koma anzanga a m'mudzi umodzi anapitirira mpaka ku Wankie poti kumeneko ndalama inali yochulukirapo. Pa 6 Juni 1972 mgodi wa Nambala 2 unaphulika ku Kamandama, ndipo anthu 427 anafa. Ambiri mwa iwo sanatulutsidwe, mgodiwo anautseka mitembo ili momwemo. Uthenga unkafika kumudzi patapita masabata, ndipo maliro ankalira popanda mtembo. Mukamawerenga ngongole za kampaniyi muziyamba ndi imeneyo.

MdzukuluWaMtchona
Zikomo agogo. Kodi a kwathu analipo ambiri?

MlembiWaKuBulawayo
A ku Malawi anali 37, a ku Zambia 91, a ku Mozambique 52, a ku Tanzania 30. Chaka chilichonse pa 6 Juni kumakhala mwambo wowakumbukira pa Kamandama pomwepo.

WaChipangano
N'chifukwa chake mukafika ku Hwange mumva Chinyanja pa msika pambali pa Chinambya ndi Chitonga. Ngakhale timu yathu ya mpira timaitcha Chipangano. Ndipo kuyambira 2013 Chichewa chili m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka m'malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe.

MwanaWaAlien
Malamulo a 2013 omwewo ndi amene anatibwezera unzika ife obadwira kuno kwa makolo ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Izi zikukhudzana ndi nkhani ya mgodi kuposa mmene ena mukuganizira. Mndebele kapena Mshona ntchito ikatha amakwera basi kupita kumudzi kwawo, kumene kuli munda ndi manda a makolo. Mdzukulu wa mtchona alibe kumudzi. Ku Dedza kapena ku Katete sanapondeko, ndipo amene ankamudziwa agogo ake anamwalira. Kwawo ndi nyumba ya kampani ija. Kampani ikagwedezeka, iye ndi amene amayamba kugwa.

Tsabola265
Koma abale, funso linali la ndalama. Tibwerere kumeneko.

NaPhiriWaMadumabisa
Tili pomwepo mchimwene, sitinachoke. Kumapeto kwa Januwale 2018 akazi a anthu ogwira ntchito pa mgodi, pamodzi ndi amayi amasiye, anamanga tenti pa geti la maofesi a kampani. Amuna awo anali atatha zaka pafupifupi zisanu osalandira malipiro athunthu. Anakhala pamenepo miyezi, usana ndi usiku, nthawi ya dzinja, akuphika pa mafuwa. Ena amafunsa kuti bwanji anapita akazi osati eni ntchito. Chifukwa mwamuna akanyanyala amachotsedwa ntchito, ndipo kuchotsedwa ntchito ku Hwange ndiye kuti watulukanso m'nyumba. Mkazi sangachotsedwe ntchito imene sanalembedwe. Ndinkadutsa pa tentipo ndipo ndinkaona amayi achikulire, ena ondiposa msinkhu, atakhala pa mphasa ndi makope a sukulu a adzukulu awo obwezedwa chifukwa cha fizi. Chaka chomwecho mu Okutobala ndi pamene boma linalanda kampani. Ndiye inde, funso ndi la ndalama, koma ndalamazo zinali ndi eni ake.

PhiriWaKuChipata
Kwathu ku Zambia tinadutsamo m'zimenezi. Mgodi wa malasha wa Maamba unatsegulidwa Ian Smith atalengeza ufulu wa Rhodesia mu 1965, pofuna kuti migodi ya kopa isamadalire malasha a ku Wankie. Unali wa boma, ndipo pofika m'zaka za m'ma 2000 unali utatheratu, antchito osalipidwa, makina atachita dzimbiri. Mu 2010 kampani ya Nava Bharat ya ku India inagula magawo 65 pa 100, ZCCM-IH, kampani yosunga masheya a boma la Zambia m'migodi, n'kutsala ndi 35. Anamanga siteshoni yawoyawo ya magetsi ya mamegawati 300 imene inayamba kugwira ntchito mu 2016. Lero Maamba ndi yamoyo. A ku Zimbabwe agulitse basi, boma litsale ndi kagawo kochepa, lisiye odziwa ntchito agwire.

MlembiWaKuBulawayo
A Phiri, malizani nkhani yonse. Magetsi a Maamba amagula ndani? ZESCO. Ndipo ZESCO, kampani ya boma la Zambia ya magetsi, inalephera kulipira mpaka ngongole inapitirira madola 500 miliyoni, nkhani n'kukathera kwa oweruza milandu ya malonda kunja kwa dziko. Matenda ndi omwewo, wogula wa boma amene salipira pa nthawi yake. Kusiyana kwake n'kwakuti Maamba inali ndi mwini wakunja wokhala ndi maloya ndiponso pangano lolembedwa m'madola, choncho inatha kukakamiza. Hwange ikanasumira ndani? Bodi yoikidwa ndi boma singatengere boma ku khothi.

PhiriWaKuChipata
Ndiye mwagwirizana nane. Mwini akhale wina, wogula akhale wina.

MlembiWaKuBulawayo
Pa mfundo imeneyo inde. Koma wogula mgodi adzafuna malasha okha. Chipatala ndi makomboni adzati si zake.

DalaivalaWaTete
Ine ndimayendetsa lole pakati pa Moatize ndi Blantyre. Amene mukuti kampani yakunja ndiye mpumulo, bwerani mudzaone. Vale ya ku Brazil inabwera ndi mphamvu kudzakumba malasha ku Moatize, ku Mozambique, inasamutsa midzi, inamanga njanji yodutsa m'Malawi mpaka ku Nacala. Mu 2022 inagulitsa zonse kwa Vulcan n'kuchoka. Wakunja akaona kuti phindu lachepa amanyamuka. Boma lokha ndi limene silingathawe.

Kabudula_Joni
Silingathawe, koma limatha kukhala pompo osalipira.

MlembiWaKuBulawayo
Pali mbali ina imene sitinaikhudze, ndipo kwa ine ndi imene ikuyankha funso lachiwiri la a Mdzukulu, lakuti wapindula ndani. Pepani nditalikitsa.

Mu 2017 kampani inagwirizana ndi onse amene inali nawo ngongole, khothi n'kuvomereza, kuti izibweza pang'onopang'ono. Ngongole yonse inali pafupifupi madola 350 miliyoni a ku America, kuphatikizapo malipiro a antchito, msonkho ndi ndalama za ogulitsa katundu. Panganolo silinayende bwino, ndipo mu Okutobala 2018 boma linagwiritsa ntchito lamulo lokhudza makampani amene ali ndi ngongole ku boma ndipo alephera kubweza. Pansi pa lamulo limeneli bodi imachotsedwa, mphamvu zonse zimapita kwa woyang'anira mmodzi, ndipo amene kampani ili nawo ngongole sangathamangire ku khothi kukagwira katundu. Masheya ake anaimitsidwa pa msika wa masheya wa ku Harare.

Tsopano taonani zimene zinachitika patangopita miyezi inayi. Mu Febuluwale 2019 boma linatulutsa lamulo lakuti ngongole za m'dziko zimene zinali m'madola a ku America zisanduke madola a RTGS, ndalama yatsopano ya dziko la Zimbabwe, imodzi kwa imodzi. Ndalama yatsopanoyo inayamba kugwa nthawi yomweyo. Mu Januwale 2020 khothi la Supreme linatsimikiza lamulolo, ndipo mlandu wake unali wa kampani inanso ya malasha ya ku Hwange komweko, Zambezi Gas. Tanthauzo lake n'lakuti munthu amene ankayembekezera madola 10,000 a ku America anatsala ndi 10,000 ya ndalama imene pakutha pa chaka inkagula kachigawo kochepa chabe ka zimene akanagula poyamba.

Choncho mukamva kuti mabuku a kampani ya boma ayamba kuoneka bwino pambuyo pa 2019, funsani kaye kuti ngongole ija inabwezedwa kapena inasungunuka. Ngongole ya ku banki ya kunja sisungunuka, imakhalabe m'madola. Imene imasungunuka ndi ya wantchito, ya wopuma pa ntchito, ndi ya kabizinesi kakang'ono kamene kanapereka matayala kapena ufa wa ku kantini.

MwanaWaAlien
Zimenezi zinachitikira bambo anga, ngakhale iwo anali pa mgodi wina, wa ku Midlands, osati wa malasha. Anagwira ntchito pansi pa nthaka mpaka chifuwa chinawakanika. Penshoni yawo inadyedwa kawiri, koyamba mu 2008 pamene ndalama inasanduka mapepala, kachiwiri mu 2019. Tsiku limene ndinawaperekeza kukatenga, ndalama ya basi yopita ndi kubwera inaposa imene analandira. Sanayankhule kanthu njira yonse. Anali munthu wosunga mapepala ake onse m'chikwama cha pulasitiki, chiphaso chilichonse cha malipiro, pokhulupirira kuti pepala silinama.

AgogoAKuDedza
Pepa mwana wanga. Ambiri a msinkhu wathu anapita ndi mapepala otero m'manja.

Tsabola265
Ndiye boma likanatani? Likanasiya kampani igwe, makhothi agulitse makina, magetsi azime dziko lonse? Ine ndikuona kuti kulanda kuja kunapulumutsa mgodi. Anthu akugwirabe ntchito lero chifukwa cha chimenecho.

Kabudula_Joni
Eni masheya ena sanaone choncho. Nicholas van Hoogstraten, mzungu wa ku Britain amene ali ndi gawo lalikulu ndithu, anatsutsa poyera, ndipo mu 2020 khothi lalikulu linakana kuvomereza kulandako. Komabe kampani inakhalabe m'manja mwa woyang'anira. Taganizani muli ndi ndalama zanu ku London kapena ku Johannesburg, mukuona zimenezo. Mungaike khobidi lanu m'kampani imene mnzanu wa masheya angathe kukuchotsani pa mpando ndi chikalata chimodzi?

Tsabola265
Za eni masheya olemerawo sizindimvetsa chisoni. Ine ndikuganizira wokumba.

NaPhiriWaMadumabisa
Ngati mukuganizira wokumba, funsani kuti wokumba wa lero walembedwa ndi ndani. Ntchito yambiri tsopano ili m'manja mwa makontrakitala ndi makampani a ku China amene amanga ng'anjo za coke kuzungulira tauni yonse. Mnyamata amalembedwa kwa miyezi yochepa, alibe nyumba, alibe penshoni. Malasha akutuluka, malole akudzaza msewu, koma ntchito ija imene munthu ankalera nayo ana mpaka kuwaphunzitsa ikusowa.

Chisomo_Leeds
Ndikupempha kulowererapo ngakhale ndine wamng'ono pano. Tikukangana za mmene tingapulumutsire mgodi, koma kodi malasha ali ndi zaka zingati kutsogoloku? Kuno ku Britain siteshoni yomaliza yopanga magetsi ndi malasha inatsekedwa mu Seputembala 2024. Mabanki ambiri a ku Ulaya sakongozanso ndalama za malasha, ndipo mu 2021 mtsogoleri wa China Xi Jinping ananena kuti dziko lake silimanganso masiteshoni atsopano a malasha kunja. Kwathu ku Malawi siteshoni ya Kam'mwamba ku Neno inakambidwa zaka zambiri koma sinamangidwe. Ku Hwange komweko kuli moto woyaka pansi pa nthaka m'malo otayiramo zotsalira za malasha, ndipo ana apsa miyendo atapondapo. Mtsinje wa Deka anthu akhala akudandaula kuti nsomba zikufa. Ndalama yokonzera zimenezi ili m'buku liti?

WaChipangano
Mlongo, ku Leeds magetsi sazima. Kuno madzi atachepa ku damu la magetsi la Kariba tinkakhala mu mdima kuyambira m'bandakucha mpaka usiku. Chimene chinatipepuza ndi mayuniti 7 ndi 8 a siteshoni ya magetsi ya Hwange, mamegawati 600, amene anatsegulidwa mu 2023. Amenewo amadya malasha. Mutiuze kaye chimene tiyatse tikawasiya.

Chisomo_Leeds
Sindikuti musiye mawa achimwene. Ndikuti amene akukonza kampaniyi anene poyera kuti ikadzatha ntchito yake, maenje, moto ndi madzi oipa zidzatsala m'manja mwa ndani. Zikapanda kulembedwa lero, zidzagwera anthu omwe aja amene a NaPhiri akuwanena.

MlembiWaKuBulawayo
Pamenepo Chisomo wanena zoona, ndipo mayuniti atsopanowo akubweretsanso funso lakale lija. Anamangidwa ndi Sinohydro pa ngongole ya ku China Eximbank, yobwezedwa m'madola. ZPC ikapeza ndalama, woyamba kulipidwa ndi wobwereketsa wakunja. Wopereka malasha adzadikira pa mzere monga kale. Mu 2023 masheya a boma a m'makampani ambiri, kuphatikizapo Hwange Colliery, NRZ ndi ZPC, anasamutsidwira ku Mutapa Investment Fund, thumba losunga chuma cha boma. Ena akuti n'zabwino poti nduna sizilowereranso tsiku ndi tsiku. Ine chimene ndikuona n'chakuti wogulitsa, wonyamula ndi wogula tsopano ali m'thumba limodzi, ndipo wa kunja kwa thumbalo sangadziwe kuti mtengo wa tani imodzi wagwirizanidwa bwanji.

PhiriWaKuChipata
Ndiye njira yanu ndi iti a Mlembi? Kugulitsa mwakana, kusunga mwakana.

MlembiWaKuBulawayo
Sindinakane kugulitsa. Ndikuti tauni ilekanitsidwe ndi mgodi wina asanagule. Madzi, misewu ndi zinyalala zipite ku khonsolo, ndipo makampani onse okumba malasha m'boma la Hwange azisonkha pa tani iliyonse, osati kampani imodzi yokha. ZPC isaine pangano la mtengo lokhala ndi chilango ikachedwa kulipira. Zikatero mgodi udzaoneka ngati uli wodwaladi kapena unkangolemedwa.

NaPhiriWaMadumabisa
Onjezerani nyumba. Banja limene lakhala m'nyumba imodzi kuyambira nthawi ya agogo, ndipo malipiro ake anasungunuka monga mwafotokozera muja, lipatsidwe nyumbayo ndi chikalata cha umwini. Imeneyo ndi ngongole imene kampani ingabweze popanda kupita ku banki.

Kabudula_Joni
Vuto n'lakuti makomboni ena ali pamwamba pa malasha, mayi. Wogula mgodi sangalole chikalata cha umwini pa malo amene akufuna kudzakumba.

NaPhiriWaMadumabisa
Ndiye amange kaye kwina, anthu aone makiyi m'manja, kenako abweretse makina.

Tsabola265
Nanga khonsolo ya Hwange ingakwanitse kupopa madzi a tauni yonse? Ndalama yogulira mankhwala a m'madzi ndi kulipira magetsi a mapampu idzaitenga kwa anthu omwewo amene sanazolowere kulandira bilu ya madzi. A Mlembi, msonkho wa pa tani mukuunenawo ungafike ku khonsolo, kapena udzayamba wapita ku Harare?